Kabetchedwe ka makadi amphamvu pa matebulo a poker a ndalama zochepa

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri m'nyumba zosewerera poker ku California ndi ku Las Vegas, makamaka pa matebulo a ndalama zochepa, ndi lakuti munthu wodziwa masewerawa sangapambane pakati pa anthu osawadziwa. Wodandaulayo amafotokoza kuti anagawiridwa ma ace awiri, amene ndi makadi apamwamba kuposa onse, anakweza ndalama monga mmene zimayenera kukhalira, anthu asanu ndi mmodzi anamutsatira, ndipo khadi lomaliza litatembenuzidwa ndalama zonse zinatengedwa ndi munthu amene analowa ndi 7 ndi 4. Akatopa ndi kudandaula amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri: amasiya kukweza akakhala ndi makadi abwino, poti palibe amene akuthawa, kapena amayamba kubisa mphamvu zake n'cholinga choti adzawakole anzakewo pambuyo pake. Ine ndimaona kuti njira ziwiri zonsezi n'zolakwika, ndipo zimamudyera munthu ndalama zambiri kuposa zimene amaluza khadi lomaliza likamutembenukira.

Masewera amene ndikunena ndi Texas hold'em ya malire, imene kukula kwa ndalama yobetcha kumakhala kokhazikitsidwa kale. Pa tebulo la madola 3 ndi 6, aliyense amalandira makadi awiri obisika, kenaka pakati pa tebulo pamatembenuzidwa makadi asanu amene onse amawagwiritsa ntchito: atatu oyamba nthawi imodzi, amene amatchedwa flop, lachinayi lotchedwa turn, ndi lachisanu lotchedwa river. Flop isanatuluke komanso itangotuluka, munthu amabetcha kapena kukweza ndi madola 3 basi, pamene pa turn ndi pa river ndalamayo imafika madola 6. Ikakwana nthawi yanu mukhoza kubetcha, kutsatira ndalama imene wina waika, kukweza, kutaya makadi anu, kapena kugogoda patebulo posonyeza kuti mukudutsa osabetcha ngati palibe amene wabetcha kale. Mtundu umenewu ndi umene unali wofala m'nyumba za makadi ku America kuchokera pamene makhoti a ku California analoleza hold'em kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, m'malo monga Commerce Casino ndi Bicycle Casino pafupi ndi Los Angeles, mpaka pamene Chris Moneymaker anapambana madola 2.5 miliyoni pa World Series of Poker mu 2003, n'kuchititsa anthu ambiri kuthamangira masewera opanda malire amene ankawaona pa TV.

Pa matebulo ang'onoang'onowa pamakhala anthu asanu ndi anayi kapena khumi, ndipo si zachilendo kuti asanu, asanu ndi mmodzi, ngakhale asanu ndi awiri alipire kuti aone flop. Ambiri mwa iwo amabwera kudzasangalala ataweruka kuntchito, ndipo kutaya makadi n'kukhala chete kumawatopetsa. Munthu akangopeza peyala iliyonse, kutanthauza makadi awiri ofanana nambala, kapena akaona kuti khadi limodzi likhoza kumupatsa makadi asanu otsatizana, amakhalabe mpaka kumapeto. Zotsatira zake n'zakuti mulu wa ndalama wa pakati pa tebulo umakula msanga, kuopseza anthu ndi makadi opanda pake sikugwira ntchito, ndipo pafupifupi nthawi zonse wopambana ayenera kuonetsa makadi oposa a anzake. Choncho phindu la munthu wosewera bwino limachokera malo amodzi okha: nthawi imene makadi ake ali patsogolo ndipo anzake akulipira kuti akhalebe m'masewera. Ndalama iliyonse imene sanaibetche pa nthawi imeneyo sangadzaipezenso kwina.

Tiyambe ndi ma ace amene amadandaulitsa anthuwa. Pa njira 1,326 zimene munthu angalandirire makadi awiri kuchokera pa makadi 52, zisanu ndi imodzi zokha ndi zimene zimapereka ma ace awiri, kutanthauza kamodzi pa maulendo 221. Mukapikisana ndi munthu mmodzi wokhala ndi makadi alionse mpaka pa river, ma ace amapambana pafupifupi ka 85 pa 100. Adani akakhala asanu mwayiwo umatsika kufika pa 49, ndipo akakhala asanu ndi anayi umafika pa 31. Munthu akaona manambalawa amafulumira kunena kuti khamu la anthu limapha ma ace, koma waiwala kufunsa kuti ndalama zikuchokera m'thumba la yani. Mukakweza ndi madola 3 n'kutsatiridwa ndi munthu mmodzi, muluwo wakula ndi madola 6 ndipo gawo lanu ndi madola 5 ndi kakang'ono, choncho phindu lanu ndi madola awiri. Mukatsatiridwa ndi anthu asanu, mulu wakula ndi madola 18, gawo lanu likuyandikira madola 9, ndipo phindu likuyandikira madola 6 pa madola atatu omwewo amene mwaika. Anthu a patebulo lenileni sagwira makadi ongotola mwachisawawa ndipo si onse amene amafika pa river, koma mfundo yake siisintha: mukulipira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a ndalama, pamene pafupifupi theka la muluwo ndi lanu.

Chimene chimapweteka mtima n'chakuti theka linalo la maulendo mudzaluza, ndipo mudzaluza kwa makadi amene inu simukanalowa nawo n'komwe. Maganizo a munthu amasunga maulendo amene ma ace anagonja, n'kuiwala milu ikuluikulu imene inabwera chifukwa cha anthu omwewo okonda kutsatira. Pa tebulo lotere mudzapambana milu yochepa kusiyana ndi pa tebulo la anthu osamala, koma mulu uliwonse udzakhala waukulu kwambiri moti ndalama zonse pamodzi zidzachuluka. N'chifukwa chake ma king awiri, ma queen awiri, ma jack awiri, ace ndi king, komanso makadi awiri akuluakulu a mtundu umodzi (monga onse a mitima) ayenera kukwezedwa flop isanatuluke ngakhale anthu asanu ndi mmodzi atalowa kale. Cholinga cha kukwezako si kuthamangitsa anthu ayi, koma kuwalipiritsa kawiri pamene muli patsogolo. Amene amatsika mphamvu m'khamu ndi makadi monga king ndi jack kapena ace ndi 10 a mitundu yosiyana, chifukwa kawirikawiri amangopanga peyala imodzi, ndipo peyala imodzi imavutika kupirira anthu ambiri.

Tsopano tifike pa nkhani yobisa mphamvu, imene ndikuiona kuti ndi imene imawononga kwambiri. Tiyerekeze kuti muli ndi ma 8 awiri, ndipo flop yatuluka 9, 8 ndi 3, awiri mwa makadiwo ndi a mitima. Mwapeza makadi atatu ofanana, chinthu chimene chimachitika pafupifupi ka 12 pa 100 munthu akalowa ndi peyala, ndipo mtima umanena kuti mugogode kaye kuti anthu asachite mantha. Koma taganizirani zimene anthu asanu otsalawo angakhale nazo. Wa jack ndi 10, wa 10 ndi 7, ndi wa 7 ndi 6, aliyense ali ndi makadi asanu ndi atatu amene angamupatse straight, kutanthauza makadi asanu otsatizana, ndipo mwayi wake pofika pa river ndi woposa 31 pa 100. Wa mitima iwiri ali ndi makadi asanu ndi anayi omupatsa flush (makadi asanu a mtundu umodzi), pafupifupi 35 pa 100. Palinso a queen ndi jack, a 6 ndi 5, ndi ena ofuna khadi limodzi lapakati kuti akwanitse straight. Onsewa akanalipira madola 3 mosanyinyirika, ambiri akanalipira 6, ndipo mukagogoda n'kupezeka kuti palibe wabetcha, mwawapatsa khadi laulere anthu amene akufuna kukugonjetsani, komanso mwataya madola 15 amene akanalowa mu mulu umene gawo lake lalikulu ndi lanu. Onjezerani kuti makadi atatu ofanana amasanduka full house (atatu ofanana kuphatikiza peyala) kapena anayi ofanana pafupifupi kamodzi pa maulendo atatu pofika pa river, ndiye kuti ngakhale wina akupitirireni pa turn mumakhalabe ndi njira yobwezera. Makadi otere amafuna kuti ndalama zilowe zambiri, ndiponso zilowe msanga.

Kubisa mphamvu kumakhala ndi nzeru pokhapokha zinthu zingapo zikakumana nthawi imodzi: mulu ukhale waung'ono, makadi anu akhale ovuta kwambiri kuwagonjetsa, khadi lotsatira likhale loti lipatsa wina makadi abwino koma osafika pa anu, ndipo anthuwo akhale oti mukabetcha athawa. Pa tebulo limene tikunenali, choyamba ndi chomaliza sizipezeka kawirikawiri. Mulu umakhala utakula kale, ndipo anthu sathawa. Munthu wobisa mphamvu pamenepa akufanana ndi wogulitsa pamsika amene makasitomala ake amalipira osanenerera, koma iye n'kumawatsitsira mtengo poopa kuti apita kwina. Ngakhale mutapeza full house pa flop, pa matebulo ambiri otere kubetcha kumabweretsa ndalama zambiri kuposa kugogoda, chifukwa anthu amatsatira madola 3 a pa flop mosaganizira n'komwe, ndipo amayamba kuganiza ndalamayo ikafika madola 6. Palinso phindu lina: munthu amene amabetcha poyera akakhala ndi makadi amphamvu sakhulupiriridwa, poti anzake amaganiza kuti akanakhala ndi zazikulu akanabisa.

Pali makadi ena amphamvu amene kubetcha kokha sikuwateteza, ndipo apa ndi pamene masewerawa amafuna kuganiza mozama. Tiyerekeze kuti munthu wokhala pa batani, amene amalankhula pomalizira, anakweza flop isanatuluke, anthu asanu ndi mmodzi mwalowa, ndipo pakati pali madola 36. Inu muli pa blind (mpando umene umakakamizidwa kuika ndalama makadi asanagawidwe, ndipo umalankhula koyambirira flop ikatuluka) ndi king ndi queen, flop yatuluka king, 8 ndi 4 a mitundu itatu yosiyana. Muli ndi peyala yapamwamba, koma ndi yosalimba. Mukabetcha madola 3, wotsatira woyamba akulipira 3 kuti apikisanire 39, kutanthauza madola 13 pa dola iliyonse. Munthu wa 7 ndi 6 akufuna 5, ndipo pa makadi 47 osaoneka, anayi amamuthandiza pamene 43 samuthandiza, choncho akufunika madola pafupifupi 11 pa dola iliyonse. Mwamupatsa 13, ndiye kuti kutsatira kwake n'kolondola. Wa ace ndi 4 ali ndi makadi asanu omuthandiza, akufunika madola 8 ndi theka, ndipo nayenso sakulakwitsa. Koma mukagogoda, enawo n'kugogodanso, wa pa batani n'kubetcha monga amachitira anthu ambiri amene anakweza poyamba, inu n'kukweza, aliyense wa pakati panu ayenera kulipira madola 6 kuti apikisanire 45, amene ndi madola 7 ndi theka pa dola iliyonse. Tsopano akataya makadi mwachotsa mdani, akatsatira walipira mopitirira muyeso, ndipo zonse ziwiri n'zokomera inu.

Chinsinsi chagona pa kudziwa mpando wa munthu amene akuoneka kuti abetcha. Popeza kulankhula kumayenda cha kumanzere, wobetchayo akakhala kumanja kwanu, kukweza kwanu kumagwera khamu lonse ngati madola 6 a nthawi imodzi, ndipo ena amathawa. Akakhala kumanzere kwanu, kugogoda kenaka n'kukweza kumachita zosiyana: iye amabetcha, onse amatsatira ndi madola 3, inu mumakweza, ndipo onse amawonjezera madola 3 ena chifukwa alowa kale. Njira yachiwiriyi siichotsa munthu aliyense koma imakulitsa mulu, ndipo ndi yoyenera mukakhala ndi makadi atatu ofanana kapena straight. Mukakhala ndi peyala yosalimba ndipo munthu waukali ali kumanzere kwanu, betchani poyera ndi chiyembekezo choti iye akweza, kuti akuchitireni ntchito yopatsa khamu mtengo wowirikiza. Chiopsezo cha kugogoda n'chodziwikiratu, n'chakuti onse akhoza kugogoda, ndipo pa tebulo la anthu ofatsa amene sabetcha kawirikawiri, kuli bwino kungobetcha nokha.

David Sklansky, wolemba mabuku a poker, anaphunzitsa kuti mumapindula nthawi iliyonse imene mdani wasewera mosiyana ndi mmene akanasewerera ataona makadi anu. Wosewera poker wina, Andy Morton, m'zaka za m'ma 1990, anaonetsa kuti anthu akachuluka mfundoyi ikhoza kupindika: pali kukula kwina kwa mulu kumene kutsatira kolakwika kwa munthu mmodzi kumapindulitsa wachitatu amene akudikira flush, osati inu amene muli patsogolo, ndipo anthu otsatira akachuluka amachepetserana kulakwa chifukwa aliyense akukulitsa mulu wa mnzake. Zimenezi n'zoona, ndipo zikufotokoza chifukwa chimene peyala imodzi imavutikira m'khamu. Koma ena amatenga mfundoyi ngati chifukwa chosiyira kubetcha, pamene imanena zosiyana: ngati khamu likudziteteza ndi kuchuluka kwake, ndiye kuti muyenera kufunafuna njira yoliwonjezera mtengo.

Nthawi zina mulu umakula moti ngakhale madola 6 a pa flop sathamangitsa aliyense. Pakati pakakhala madola 60, wa kumanja kwanu wabetcha 3, inu mwakweza kufika 6, wotsatira akupikisanira 69 ndi madola 6, amene ndi 11 ndi theka pa dola iliyonse, ndipo wofuna khadi lapakati uja ali ndi ufulu wotsatira. Osewera ena odziwa amangotsatira pa flop, n'kudikira turn. Anthu asanu akaika madola 3 aliyense mulu umafika 75, ndipo pa turn wobetcha uja akaika 6, inu n'kukweza kufika 12, otsalawo akulipira 12 kuti apikisanire 93, osafika madola 8 pa dola iliyonse, pamene wofuna makadi anayi pa 46 akufunika 10 ndi theka. Njirayi ili ndi phindu linanso lakuti mumaona khadi la turn musanaike ndalama zambiri. Komabe ndimaiopa, chifukwa ndi yosavuta kuisandutsa chobisalira cha mantha. Imagwira ntchito pokhapokha mulu uli waukulu kwambiri, makadi anu ali patsogolo pang'ono chabe, ndipo muli ndi chikhulupiriro chakuti wa kumanjayo abetchanso. Ndi makadi atatu ofanana kapena mapeyala awiri, kwezani pa flop pomwepo, chifukwa madola amene anthu asanu akanaika nthawi imeneyo ndi ochuluka kuposa zimene mungapeze podikira.

Kubetcha mosaleka sikutanthauza kutseka maso. Anthu a pa matebulowa amakonda kutsatira koma sakonda kukweza, ndipo munthu amene wakhala akungotsatira usiku wonse akakweza pa turn, kawirikawiri amakhala ndi mapeyala awiri kapena kuposa. Pamenepo peyala yanu, ngakhale ya ma ace, yasiya kukhala makadi okwezera, ndipo funso latsala ndi lakuti kodi mulu ndi waukulu mokwanira kuti mulipire mpaka kumapeto.

Tisaiwalenso kuti iyi ndi njuga, ndipo nyumba imadya gawo lake pa mulu uliwonse. M'malo ambiri ku America amatenga 10 peresenti mpaka malire a madola ochepa, ndipo pa tebulo la 3 ndi 6 gawolo limalemera kwambiri poyerekeza ndi milu yake. Kuyambira kale, odziwa masewera a malire amanena kuti wosewera wabwino amapeza pafupifupi ndalama imodzi ya pa turn pa ola, amene ndi madola 6 pa tebulo limeneli, ndipo amalangiza kukhala ndi thumba la ndalama zoterozo zokwana 300, kapena madola 1,800, kuti munthu apirire masabata oipa. Ndalama zimenezo zisakhale za lendi kapena za sukulu ya ana, pa chifukwa chimene aliyense akuchidziwa, komanso chifukwa munthu wosewera ndi ndalama zimene sangathe kuluza amalephera kukweza pamene akuyenera kukweza. Phindu likakhala laling'ono chonchi, kuphonya kubetcha kumodzi pa ola n'kokwanira kulifafaniza lonse.

Malo amene kubetcha kumaphonyedwa kwambiri ndi pa river. Munthu wabetcha pa flop ndi pa turn ndi peyala yapamwamba, khadi lomaliza latuluka looneka loopsa pang'ono, ndiye amagogoda n'kuonetsa makadi, kenaka n'kupeza kuti anthu awiri anali ndi peyala yachiwiri ndi yachitatu ndipo akanalipira madola 6 aliyense. Lamulo lake mukatsala ndi mdani mmodzi ndi lakuti betchani ngati mukupambana koposa theka la maulendo amene iye watsatira, n'kuwonjezerako pang'ono chifukwa nthawi zina akhoza kukweza. Anthu okonda kuona makadi a mnzawo amatsatira ndi peyala yaing'ono, ena ndi ace yokha, choncho mpata wobetchera ndi waukulu kuposa mmene mantha amanenera. Pa masewera opanda malire a madola 1 ndi 2 kapena 1 ndi 3, amene masiku ano ndi ofala kuposa a malire, mfundo yomweyi imaonekera pa kukula kwa ndalama: ngati anthu akutsatira theka la mulu mosavuta, yesani magawo atatu mwa anayi kapena mulu wonse, ndipo pitirizani kukweza mtengo mpaka muone pamene ayamba kutaya makadi.

Mbali ina ya river ndi pamene wina wabetchera inu. Ngati wobetchayo ali kumanja kwanu ndipo kumanzere kuli anthu awiri okonda kutsatira, makadi abwino koma osatsimikizika amapindula kwambiri mukangotsatira, chifukwa kukweza kukhoza kuthamangitsa awiriwo amene akanabweretsa madola 12, n'kukusiyani ndi munthu mmodzi amene mwina wakuposani. Ndipo ngati khadi lomaliza laoneka kuti lakupwetekani, werengani mulu musanataye makadi. Pakati pakakhala madola 90 ndipo wina waika 6, mukulipira 6 kuti mupikisanire 96, ndiye kuti mukungofunika kukhala patsogolo kamodzi pa maulendo 17. Kutsatira molakwika pamenepo kukutayitsani madola 6, pamene kutaya makadi opambana kukutayitsani madola 96, ndipo ngakhale pakati pa anthu ofatsa amapezeka wina amene amabetcha peyala yachiwiri poganiza kuti ndi yamphamvu.